Albert Salomon: dokotala amene adayamba kuona khansa ya m'mawere pa chithunzi

Mwezi wa Okutobala ukafika, mabungwe a zaumoyo m'dziko muno amakumbutsa amayi za khansa ya m'mawere, ndipo mawu akuti mammogram amamveka pa wailesi ndi m'misonkhano. Ndi anthu ochepa amene amadziwa kuti luso lojambula bere limeneli lidayambira m'manja mwa dokotala wachiyuda wa ku Germany, Albert Salomon, yemwe m'chaka cha 1913 adafalitsa zomwe adapeza atajambula ndi X-ray mawere pafupifupi 3 000 omwe adadulidwa pa opaleshoni.

Ntchito yakeyo sidafike pa odwala amoyo, ndipo boma la dziko lake lomwe lidamuchotsa ntchito, kumutsekera m'ndende ndi kupha mwana wake yekhayo. Komabe lamulo limene adalitsata, loti chilichonse chooneka pa chithunzi chitsimikizidwe ndi mnofu weniweni pa maikulosikopu, ndilo likugwiritsidwabe ntchito poyesa makina aliwonse ounikira bere, kaya ndi a X-ray, a mafunde a mawu kapena a kuwala kwa nyali.

Mwana wa m'mbali mwa nyanja

Salomon adabadwa pa 26 Januwale 1883 m'tauni yaing'ono ya Röbel, m'mbali mwa nyanja ya Müritz, chigawo cha Mecklenburg kumpoto kwa Germany. Ali ndi zaka 12, katswiri wa sayansi Wilhelm Röntgen adatulukira X-ray mumzinda wa Würzburg pa 8 Novembala 1895. Kutulukira kumeneku kudagwedeza dziko lonse chifukwa kwa nthawi yoyamba munthu adatha kuona mafupa a mnzake wamoyo popanda kumung'amba. Pomwe mnyamatayu ankamaliza maphunziro a udokotala, zipatala zikuluzikulu za ku Ulaya zidali zitagula kale makinawa, koma ankagwiritsidwa ntchito makamaka poona mafupa othyoka ndi zipolopolo zotsalira m'thupi.

Salomon adasankha kukhala dokotala wa maopaleshoni ndipo adalowa ntchito pa chipatala cha yunivesite ya Berlin, pansi pa Pulofesa August Bier, yemwe adatchuka mu 1898 poyambitsa njira yobaya mankhwala pamsana kuti wodwala achite dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi pa nthawi ya opaleshoni.

M'masiku amenewo, dokotala wofufuza khansa ya m'mawere adalibe chida china koma maso ndi zala zake. Amayi ambiri ankafika kuchipatala chotupa chitakula kale, ena chitaphulika n'kukhala chilonda. Chithandizo chomwe chidali chitafala ndi chimene William Halsted wa ku Baltimore, m'dziko la America, adachikhazikitsa m'zaka za m'ma 1890: kudula bere lonse pamodzi ndi minofu ya pachifuwa komanso timisempha ndi anabele a m'khwapa. Opaleshoniyi inkasiya mayi wolumala, ndipo dokotala ankaichita asakudziwa bwinobwino pomwe nthendayo yafika. Funso limene lidamuvuta Salomon lidali lomweli: kodi khansa imayenda bwanji m'kati mwa bere, nanga malire ake ali pati?

Mawere 3 000

Njira yomwe adasankha idali yofuna kudekha. Bere likadulidwa, iye ankaliika pa makina a X-ray n'kulijambula. Kenaka ankaling'amba, kuliyang'ana ndi maso, kudulako tizidutswa topyapyala ndi kutiunika pa maikulosikopu. Pomaliza ankayerekezera chithunzi chija ndi zomwe mnofu waonetsa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye adabwereza ntchito yomweyi kufikira mawere atakwana pafupifupi 3 000.

Chomwe chimachititsa kuti chotupa chioneke n'chakuti ziwalo za m'thupi sizitsekereza X-ray mofanana. Mafuta amalola kuwalako kudutsa mosavuta, pomwe mnofu wothinana ngati wa khansa umatsekereza kochulukirapo, motero umasiya mthunzi wake pa chithunzi. Poyerekezera mithunziyo ndi mnofu weniweni, Salomon adaona kuti zotupa za khansa sizioneka mofanana. Zina zimakhala zobulungira, zokhala ndi malire ooneka bwino, pomwe zina zimatambasula timizu tolowerera mu mnofu wabwino ngati mizu ya kachere pa thanthwe. Adaonetsanso njira imene nthendayi imadzera popita kwa anabele a m'khwapa, komanso adaona timadontho ting'onoting'ono m'kati mwa zotupa zina. Timadontho timeneti ndi timiyala ta mchere wa calcium, ndipo lero madokotala amatifufuza mwachidwi chifukwa nthawi zina timaoneka khansa isadafike poti n'kukhudzika ndi zala.

Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 1913 m'magazini ya madokotala a maopaleshoni yotchedwa Archiv für klinische Chirurgie. Kuchoka pa bere lodulidwa kufika pa mayi wamoyo padali mtunda wautali. Makina a nthawiyo adapangidwira mafupa, ndipo kusiyana kwa mnofu wofewa wina ndi unzake kunkaoneka mwachimbuuzi. Chaka chotsatira nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka, ndipo madokotala a maopaleshoni adaitanidwa kukasoka mabala a asilikali.

Banja, ulemu ndi kugwa

Salomon adatumikira ngati dokotala wa asilikali a Germany. M'nyengo yomweyo adadziwana ndi Franziska Grunwald, mwana wa dokotala, yemwe ankagwira ntchito ya unamwino. Awiriwa adakwatirana mu 1916 ndipo pa 16 Epulo 1917 adabereka mwana wamkazi, Charlotte. Banjali lidakhazikika m'dera la Charlottenburg mumzinda wa Berlin. Mu 1921 Salomon adapatsidwa chilolezo chophunzitsa pa yunivesite, ndipo mu 1927 adakwezedwa kukhala pulofesa.

Pakati pa zaka ziwirizi padagwa tsoka. Mu 1926 Franziska adadzipha, ndipo mwana wawo, yemwe adali asadakwanitse zaka 9, adauzidwa kuti mayi ake amwalira ndi chimfine. Choonadi adadzachimva atakula kale. Mu 1930 Salomon adakwatira Paula Lindberg, woimba wotchuka wa nyimbo za m'zisudzo ndi m'makonsati, ndipo nyumba yawo idasanduka pokumanirana oimba ndi anthu ophunzira a mu Berlin.

Zonsezi zidatha mu 1933 pomwe Adolf Hitler ndi chipani cha Nazi adatenga boma. Malamulo atsopano adachotsa Ayuda pa ntchito za boma ndi m'mayunivesite. Salomon, yemwe adapulumutsa miyoyo ya asilikali a dziko lomwelo, adalandidwa udindo wophunzitsa ndipo adakagwira ntchito pa chipatala cha Ayuda cha mu Berlin. Mkazi wake adaletsedwa kuimba pamaso pa anthu omwe si Ayuda. Mu 1938 boma lidafafaniza ziphaso za madokotala achiyuda, kusiya ochepa okha oti azithandiza Ayuda anzawo.

Usiku wa pa 9 Novembala chaka chomwecho, magulu a Nazi adatentha masunagoge ndi kuphwanya masitolo a Ayuda m'dziko lonselo. Amuna zikwizikwi adagwidwa, ndipo Salomon adali mmodzi mwa omwe adatumizidwa ku ndende yozunzirako anthu ya Sachsenhausen, kufupi ndi Berlin. Paula adayenda khomo ndi khomo kwa anthu omwe ankawadziwa mpaka mwamuna wake adatulutsidwa, ali wofooka kwambiri. Apa banjali lidazindikira kuti ku Germany kulibenso malo awo. Charlotte, yemwe ankaphunzira luso lojambula, adatumizidwa kwa agogo ake akuchikazi omwe adathawira kale ku Villefranche-sur-Mer, kufupi ndi mzinda wa Nice kum'mwera kwa France. Albert ndi Paula adathawira ku Amsterdam m'dziko la Netherlands mu 1939. Bambo ndi mwana sadaonanenso.

Westerbork ndi Auschwitz

Mtendere wa ku Amsterdam udali wa kanthawi. Mu Meyi 1940 asilikali a Germany adalanda dziko la Netherlands, ndipo malamulo omwe awiriwa adawathawa adawapeza konko. Mu 1943 adatengedwa kupita ku msasa wa Westerbork, komwe sitima zinkanyamula Ayuda kupita nawo ku misasa yophera anthu ya Auschwitz ndi Sobibor. Anthu oposa 100 000 adadzera pa msasa umenewu ndipo obwerako adali owerengeka. Albert ndi Paula adakwanitsa kutuluka chakumapeto kwa chaka chomwecho, n'kubisala mpaka nkhondo idatha mu 1945.

Mwana wawo sadapulumuke. Ali ku France, pakati pa 1940 ndi 1942, Charlotte adajambula ndi utoto zithunzi zoposa 1 000 zofotokoza mbiri ya banja lake, ndipo 769 mwa izo adazisanja kukhala ntchito imodzi yotchedwa Leben? oder Theater?, kutanthauza kuti Moyo? kapena Sewero? M'zithunzimo bambo ake amaoneka ndi dzina loti Albert Kann. Poona kuti zinthu zaipa, adasungitsa zithunzizo kwa dokotala wina wa m'deralo. Mu Juni 1943 adakwatiwa ndi Alexander Nagler, mu Sepitembala onse awiri adagwidwa, ndipo pa 10 Okutobala 1943 Charlotte adafika ku Auschwitz komwe adaphedwa. Adali ndi zaka 26 komanso pathupi pa miyezi isanu.

Mu 1947 Albert ndi Paula adapita ku Villefranche-sur-Mer ndipo adapatsidwa zithunzi za mwana wawo. Adazisunga kwa zaka zambiri, kenaka mu 1971 adazipereka ku nyumba yosungiramo mbiri ya Ayuda ya mu Amsterdam, komwe zili mpaka lero. Salomon adakhalabe mumzindawo, adabwerera ku ntchito ya udokotala, ndipo adamwalira pa 7 Meyi 1976 ali ndi zaka 93. Anthu ambiri a ku Ulaya lero amamudziwa ngati bambo wa wojambula zithunzi uja kuposa ngati mwini wa kafukufuku wa 1913.

Omwe adapitiriza

Moyo wake wautali udamulola kuona mbewu yomwe adafesa ikubala m'manja mwa ena. Mu 1930 Stafford Warren wa ku Rochester, m'dziko la America, adajambula amayi amoyo 119 asadachitidwe opaleshoni, kenaka n'kuyerekezera zithunzi ndi zomwe opaleshoni idapeza. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Raúl Leborgne wa ku Uruguay adaonetsa kuti kupanikiza bere kumachititsa chithunzi kuoneka bwino, ndipo adatsindika kufunika kwa timadontho ta calcium tija. Mu 1960 Robert Egan wa ku Houston adafalitsa zotsatira za zithunzi 1 000 ndi njira yomwe zipatala zina zikadatha kutsatira. Pakati pa zaka za m'ma 1960, Charles Gros wa ku Strasbourg, m'dziko la France, adathandiza kupanga makina oyamba opangidwira bere lokha.

Funso lalikulu lidali loti kodi kujambulaku kumapulumutsadi miyoyo. Mu 1963 mumzinda wa New York mudayamba kafukufuku wa amayi pafupifupi 62 000, omwe adagawidwa pawiri: gulu lina linkaitanidwa kudzayezedwa ndi manja komanso kujambulidwa, gulu lina ayi. Patapita zaka, imfa za khansa ya m'mawere zidapezeka kuti n'zocheperapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu m'gulu loyezedwa lija. Zotsatira zoyamba zidatuluka Salomon akadali moyo.

Nyali ndi chifunga

X-ray si kuwala kokha komwe madokotala adayesa. Mu 1929 dokotala wina wa ku New York, Max Cutler, adafalitsa njira yooneka yophweka komanso yopanda chiopsezo. M'chipinda cha mdima, ankaika nyali yowala kwambiri kunsi kwa bere ndi kuyang'ana mthunzi wooneka pamwamba. Mafuta ndi thumba la madzi oyera zimalola kuwala kudutsa, pomwe magazi amakumeza. Popeza khansa imadzikokera timitsempha tambiri ta magazi kuti ikule, chiyembekezo chidali chakuti idzioneka ngati banga lakuda.

Vuto lake aliyense woyendetsa galimoto pa msewu wa M1 ku Dedza m'mawa wa mwezi wa Juni amalidziwa. Nyali zikhoza kuwala mwamphamvu, koma m'chifunga kuwalako kumamwazikana ndipo munthu woyenda m'mbali mwa msewu amaoneka wafika kale pafupi. Mnofu wa bere umamwaza kuwala kwa nyali chimodzimodzi, pomwe X-ray imadutsa molunjika. Chotupa chaching'ono chokhala m'kati kwambiri chimasowa m'chimbuuzimo, ndipo chotupa chosaopsa chokhala ndi magazi chimaoneka ngati khansa.

Njirayi idaiwalika, kenaka idadzukanso m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 pomwe akatswiri adayamba kugwiritsa ntchito kuwala kofiira, kuwala kwa infrared ndi makamera a kanema. Itayesedwa ndi muyeso wa Salomon, idalephera. Kafukufuku wa zipatala zingapo za ku Sweden yemwe adasindikizidwa mu 1990 adaunika amayi omwewo ndi nyali komanso ndi mammogram, ndipo adapeza kuti nyali inkaphonya khansa zambiri, makamaka zing'onozing'ono, komanso inkaopseza amayi ambiri omwe adalibe nthendayi. Masiku ano akatswiri akuyesabe makina a laser ndi makompyuta omwe amawerengera kuchuluka kwa magazi ndi mpweya wa okosijeni m'bere, ena mophatikiza ndi sikani ya mafunde a mawu. Kafukufukuyu ali ndi tsogolo, koma makinawa sadalowe m'malo mwa mammogram. Makamera ojambula kutentha kwa khungu nawonso sadapambane, ndipo bungwe loona za mankhwala la ku America la FDA lidachenjeza kuti asagwiritsidwe ntchito m'malo mwa mammogram.

Makina ounikira amalakwa m'njira ziwiri: kuphonya nthenda yomwe ilipo, kapena kuloza nthenda yomwe palibe. Kulakwa koyamba kumabweza mayi kunyumba ndi mtima wokhazikika pomwe khansa ikukula. Kwachiwiri kumamuika pa nkhawa, pa ulendo ndi pa mpeni popanda chifukwa. Mammogram nayo siyiona zonse. Imaphonya pafupifupi khansa imodzi mwa zisanu ndi zitatu zilizonse, ndipo imaphonya zochulukirapo mwa amayi achichepere omwe mawere awo amakhala ndi mnofu wothinana. N'chifukwa chake mpaka lero chigamulo chomaliza chimachokera pa kachidutswa ka chotupa komwe dokotala amatapa ndi singano n'kukatumiza ku labotale.

Tanthauzo lake kwathu kuno

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni adapezeka ndi khansa ya m'mawere ndipo pafupifupi 670 000 adamwalira nayo. Kuno ku Malawi nthendayi ili m'gulu la khansa zofala kwambiri pakati pa amayi, kumbuyo kwa khansa ya khomo la chiberekero. Ambiri amafika kuchipatala nthenda ili pa siteji yachitatu kapena yachinayi, monga momwe zinkakhalira ku Berlin m'masiku a Salomon, ndipo ambiri mwa iwo ndi a zaka za m'ma 40 ndi 50, msinkhu wolera ana ndi kusamala banja.

Mayi wa ku Bembeke, ku Lobi kapena ku Mayani akakhudza chotupa m'bere, ulendo wake umayambira pa chipatala chaching'ono cha kwawo, kupita pa chipatala cha boma cha Dedza, kenaka ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa boma. Sitepe iliyonse imafuna ndalama ya thiransipoti, womudikirira, ndi masiku osiya munda. Makina a mammogram ndi ochepa ndipo ali m'mizinda. Pa chifukwa chimenechi, nkhani ya kachipangizo kotsika mtengo kounikira bere ndi nyali, monga timene timatsatsidwa pa intaneti, imakopa mtima. Mbiri ya zaka pafupifupi 100 ya njirayi ikuonetsa mafunso omwe wogulitsa aliyense ayenera kuyankha: kachipangizoka kadayesedwa pa amayi angati, mwa omwe maikulosikopu idatsimikiza kuti ali ndi khansa kadapeza angati, ndipo kadaopseza angati omwe adalibe.

Zomwe zatsimikizika kuti zingathandize dziko ngati lathu si zapatali. Mu 2011 pa Kamuzu Central Hospital padatsegulidwa labotale younika minofu mothandizana ndi bungwe la UNC Project, zomwe zidachititsa kuti odwala a m'chigawo chapakati azipeza zotsatira zotsimikizika kufupi. Kafukufuku wina wa mu Lilongwe yemwe adasindikizidwa mu 2016 adaonetsa kuti amayi wamba ophunzitsidwa bwino akhoza kuyeza mawere ndi manja n'kupeza zotupa zofunika kutumiza kwa dokotala, ndipo adayeza anzawo pafupifupi 1 000. Bungwe la WHO lidakhazikitsa zolinga zitatu kwa mayiko onse: kuti odwala 60 mwa 100 aliwonse azipezeka nthenda ili pa siteji yoyamba kapena yachiwiri, kuti kuyeza konse kuzitha m'masiku 60 kuchokera pomwe mayi waonekera kuchipatala, ndiponso kuti odwala 80 mwa 100 aliwonse azimaliza chithandizo.

Zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala n'zodziwika: chotupa cholimba m'bere ngakhale chisakupweteka, mwanabele wa m'khwapa wosaphwa, khungu la bere lokhakhala ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere yolowa m'kati, kapena magazi otuluka ku nsongako. Zotupa zambiri za m'mawere sizikhala khansa, koma palibe zala, nyali kapena chithunzi chomwe chinganene zimenezi motsimikiza pachokha. Mayi amene wauzidwa kuti ali ndi chotupa ali ndi ufulu wofunsa ngati kachidutswa kake katumizidwa ku labotale, ndi tsiku lomwe zotsatira zidzatuluke. Kuyerekezera kumene Albert Salomon adachita maulendo 3 000 pa tebulo la ku Berlin ndi komweko kumene mayi wa ku Dedza akufunika kuchitiridwa kamodzi, m'nthawi yake.